Mabuluku amene anamenya mphwanga

Ine ndine telala. Makina anga ali pakhonde la sitolo ina ku Chiponde, ndipo akhalitsa pamenepo moti miyendo yake inamera mizu. Tsiku lina mwini sitolo atafuna kuwasuntha kuti akolope, anachita kubwereka nkhwangwa. Anthu amati ndimathira nsinjiro pa nkhani. Sindithira. Dziko lino linabwera lothirathira kale, ine ndimangonena mmene ndalawira, ndipo ndikanena chinthu ndimalumbira pa makina angawa, chifukwa ndiwo amandidyetsa. Ndikanama singano indibaye.

Ndili ndi mphwanga mmodzi, wopondana nane. Munthu ameneyu anabadwa wopanda mkwiyo, monga ena amabadwira opanda chala. Udzudzu ukamutera pamkono ankaudikira umalize, kenako n'kuupepesa kuti magazi achepa chaka chino. Kwathu ndi kunyanja, chakufupi ndi Makokola, ndipo iye anakulira m'boti, kukoka maukonde a anthu. Anzake ankadandaula kuti akamakhuthula usipa amachita ngati akutsitsa odwala m'galimoto. Nsomba zitachepa m'madzi, amayi anaganiza zoti abwere kuno kumtunda adzayendetse njinga yamoto ya kabaza. Anabwera naye okha pa matola, n'kundigwira mkono pamaso pa makasitomala anga.

"Uyu umusunge mmene alilimu," anatero amayi. "Ndikadzabweranso ndidzapeze yemweyu. Iwe pakamwa pako padzakupulumutsa, koma uyu alibe kalikonse."

Ndinavomera mosavuta. Ndinkaganiza kuti kusunga munthu wofatsa kuli ngati kusunga mwala, pomwe wausiya mpomwe uupeze.

Kuti mumvetse zimene zinachitika, muyenera kudziwa njinga zakuno. Zambiri zimalowa kuchokera ku Mozambique, ndipo zimafanana ngati zinabadwa kwa mayi mmodzi tsiku limodzi. Zofiira, zopanda nambala, galasi lakumanzere losweka. Makiyi ake anaperepeseka moti kiyi wa njinga imodzi amaliza ya mnzako, ya mlamu wako, ndipo ukamukakamiza akhoza kutsegula ndi mtima wa mkazi wamasiye. Ine ndi maso angawa ndinaona munthu akuliza njinga ndi chigwiriro cha supuni. Pamwamba pa zonsezi, makava a zishalo amasokedwa pakhonde panga, ndipo onse ndi a lona wabuluu, chifukwa ndi nsalu yokhayo imene imapirira dzuwa ndi matako a anthu onyamula matumba. Ndiye Lachisanu masana, kunja kwa mzikiti, njinga zimandandalikana ngati usipa pathandala. Uzani munthu akulozereni usipa wake.

Pakhomo la mzikiti womwewo timasinthana patapata sabata iliyonse. Umatuluka, umaponda zimene zakukwana, ukafika kunyumba n'kuona kuti phazi lina ndi lako, lina ndi la munthu wa chidendene chakuthwa. Palibe amene amakwiya. Lachisanu linalo umazibweza pomwepo, n'kutenga zina zolakwika. Pali patapata zina zobiriwira zimene zavalidwa ndi mpingo wonse, ndipo mwini wake anamwalira asanazionenso.

Koma nyengo imene mphwanga anafika, anyamata a kabaza sankaseka kwambiri. Anzawo ankaphedwa. Munthu wovala bwino amakukwera ngati kasitomala, mukafika pomwe nyumba zathera amakuponyera chingwe pakhosi, njinga n'kuwoloka malire. Mnyamata wina wa cha ku Chowe anapezeka m'munda wa chimanga, chingwe chili pomwepo. Kuyambira pamenepo ambiri anayamba kusunga matcheni ndi zikwanje pansi pa chishalo. Ankakhulupiriranso kuti wakuba ukamupereka kwa a malamulo, mawa lake umupeza pamsika akudya tchipisi, akukufunsa ngati kunyumba ali bwino. Kaya zinali zoona sindikudziwa, ine sindinamuone wa tchipisiyo, koma aliyense ankadziwa munthu amene anamuona. Mphwanga yekha pansi pa chishalo ankasungapo kansanza kopukutira fumbi.

Linali Lachisanu la m'chilimwe. Kunkatentha moti abuluzi ankayenda chonyang'ama pamalata, ndipo ulusi unkatuluka thukuta usanalowe m'singano. Titamaliza kuswali, mphwanga anatuluka msanga chifukwa mayi wina wa dengu la nkhuku ankamudikira kuti amuperekeze cha kumalire. Anakwera njinga yofiira ya kava wabuluu, anapotoza kiyi, inalira, anapita. Sinali yake. Yake inali chapafupi pomwepo, ikumuyang'ana.

Mwini njinga imene inapitayo sanali wa siteji yakuno. Anali mnyamata wa ku Chowe amene anabweretsa kasitomala n'kuswali nafe. Atatuluka anapeza fumbi lokha pomwe anaimika. Anakuwa kuti wakuba. Wina anati waiona ikulowera kumalire, ndipo mawu akuti kumalire anagwira ntchito ya machesi. Njinga zonse zinalira nthawi imodzi.

Mphwanga anali atatsitsa kale mayi uja ndi nkhuku zake, akubwerera pang'onopang'ono monga amayendera. Ataona gulu la njinga likubwera ndi fumbi, anapatukira kumbali, anaima, n'kukweza dzanja. Izi anandiuza yekha pambuyo pake, ndipo amene anamugwira sanakane.

"Mwataya chiyani, akuluakulu?" anawafunsa. "Ndikuthandizeni kufuna?"

Ine nthawi imeneyo ndinali nditabwerera pamakina, ndikupinda m'munsi mwa siketi ya munthu. Ndinamva kuti amugwira, amubweretsa pabwalo la msika. Ndinaimirira ngati wina aliyense, tepi yoyezera ili pakhosi, kukaona nkhope ya munthu wopha ana a eni. Ndine wamfupi. Nditafika sindinaone kanthu kupatula misana, ndiye ndinawerama n'kulowa cha m'munsi, pakati pa miyendo.

Telala akayang'ana miyendo saona miyendo, amaona ntchito yake. Ndinaona buluku lakuda la wogulitsa nyama, limene ndinaika zipi yatsopano, likukwera n'kutsika. Ndinaona lotuwa la wogulitsa mayunitsi, limene ndinalibweza m'chiuno atadwala malungo. Ndinaona chitenje cha maluwa achikasu cha mayi wa mandasi, amene anandipatsa mbali ina ya nsalu yomweyo kuti ndimusokere bulauzi. Ndinaona mkanjo woyera wa bambo wina wachikulire amene amakhala mzere woyamba mumzikiti, mkanjo umene ndinaupinda ndekha ndi ulusi wabwino, ndipo m'munsi mwake munali madontho ofiira. Onsewa ndinkawadziwa kukula kwa chiuno. Ndinkadziwa amene amabisa ndalama m'kathumba kam'kati, amene mwendo wina ndi wamfupi. Nsapato zinkagwa mosinthana, wina akachotsa wina n'kuika, mwadongosolo, kuposa mmene amaimira pachigayo.

Pakati penipeni panali munthu atadzipinda. Nkhope sinkadziwika, linali dothi ndi magazi. Koma pabondo la buluku lake panali chigamba cha lona wabuluu, chosokedwa kawiri m'mbali. Chigamba chimenecho ndinachiika ine, munthu wake akundiuza kuti achimwene musavutike, bondo likufunanso mphepo.

Ndinakuwa kuti ndi mphwanga uyu. Ndikuganiza kuti ndinakuwa. Mawu anga amamveka kuchokera pakhonde mpaka kumalire ndikamaitana munthu amene wayiwala malaya, koma tsiku limenelo anangothera m'mawondo a anthu. Mmodzi yekha anandimva.

"Ndiye mumabera limodzi, a telala?" anatero, osasiya kumenya.

Ndinadzigwetsa pamwamba pa mphwanga. Sikunali kulimba mtima, ndinangopunthwa pamalo oyenera. Zibakera ndi nsapato zinayamba kugwera pamsana panga, ndipo nditatembenuza mutu ndinaona nkhope. Ichi ndi chimene chimandisowetsa mtendere mpaka lero. Ndimaudziwa mkwiyo, ndauonapo kwa kasitomala amene ndamufupikitsira buluku pa tsiku la ukwati wake. Nkhope zimene ndinaona pamenepo zambiri sizinali zokwiya. Zinali nkhope za anthu okoka ukonde kumchenga, zotuluka thukuta, zogwirizana, ena akumwetulira, aliyense akusangalala kuti ali pachingwe chimodzi ndi anzake. Wolira anali mmodzi, mnyamata wa ku Chowe uja. Ankamenya misozi ikutsika, ndipo ankamenya moipa, mophonya, ngati munthu amene sanamenyepo chibadwire.

Kenako tayala linafika. Linagubuduzidwa ndi munthu amene amandipatsa moni m'mawa uliwonse. Wina anati pakufunika petulo. Ogulitsa petulo wa m'mabotolo anali atasowa ndi mabotolo awo, chifukwa nthawi imeneyo mafuta ankavuta ndipo munthu ankasamala botolo kuposa mwana wakhanda.

"Tsitsani m'njinga yomweyi," anatero wogulitsa nyama.

Mnyamata wa ku Chowe anasiya kumenya n'kukumbatira thanki.

"Mafuta anga ayi," anatero akulira. "Wandibera njinga, andiberenso mafuta?"

Ndikulumbira pa makina anga, mphwanga ali moyo lero chifukwa cha kuuma manja kwa munthu. Anthu anakangana pang'ono za amene apereke mafuta, ndipo panapezeka kuti aliyense wafika pa rizevu. Ndiye wina anati kumzikiti kwatsala njinga imodzi yopanda mwini, akatsitse mmenemo. Anaikankha n'kuiimika pafupi ndi inzake. Chotsekera thanki chinafuna kiyi. Mnyamata wa ku Chowe anali ndi kiyi wake m'manja nthawi yonseyi, anamufumbata mpaka anamucheka chikhatho. Anamulowetsa, thanki inatseguka.

Sanatsitse mafuta. Anangoima, akuyang'ana njinga iyi, akuyang'ana iyo. Zofiira zonse, magalasi osweka mbali imodzi, makava abuluu. Imodzi inali ndi kiyi wa mphwanga, inayo inali ndi kiyi wake, ndipo palibe imene inadandaula.

"Ya mphwanga ndi imeneyo," ndinatero ndili pansi. Ulendo uno anandimva.

Bambo wa mkanjo woyera uja anayang'ana njinga ziwirizo, kenako anayang'ana mapazi ake. Anali atavala patapata zosiyana.

"Zachitika ngati patapata," anatero motsitsa mawu.

Palibe anafunsa tanthauzo. Aliyense pamenepo anafikapo kunyumba ndi phazi la mnzake. Sindinaonepo anthu ambiri chotero akukumbukira nthawi imodzi kuti asiya nyemba pamoto. Bwalo linayera. Tinatsala ine, mphwanga, mnyamata wa ku Chowe, njinga ziwiri ndi tayala. Tayalalo mwini wake anadzalitenga pambuyo pake, akuyang'ana kumwamba ngati akufuna mvula.

Tinamunyamula pa njinga ya mnyamata yemweyo, iye akuyendetsa, ine kumbuyo, mphwanga pakati ngati thumba la chinangwa. Mafuta aja anagwira ntchito. Kenako tinapeza galimoto yotsikira kuboma, kuchipatala chachikulu. Nthiti zina zinali zothyoka, mano akutsogolo anatsala pabwalo la msika, ndipo khutu lakumanzere silinamvenso kuchokera tsiku limenelo. Koma anapuma, n'kupumanso, mpaka anatuluka.

Chiponde ndi yaying'ono ndipo mabuluku amang'ambika. Mmodzimmodzi, anthu onse aja anabwerera pakhonde panga. Ndinkawalandira. Ndikamuzunguliza tepi m'chiuno, munthu sangathawe, ndiye ndinkafunsa modekha kuti bwanji tsiku lija.

Wogulitsa nyama anati iye anangomenya kamodzi, pang'ono, kumwendo. Wogulitsa mayunitsi anati kamodzi, kumwendo. Wa tayala anati iye sanamenye n'komwe, anangothandiza tayala limene linkagubuduka lokha. Nditafunsa onse ndinapeza kuti mphwanga ayenera kuti ali ndi miyendo ngati bongololo, ndipo nthiti zinathyoka zokha chifukwa cha chisoni. Sindikuganiza kuti ankandinamiza. Pokoka ukonde aliyense amamva kuti akukoka pang'ono, ndipo palibe angaloze nsomba imene waipha iye.

Mayi wa mandasi anatsika mpaka kuchipatala ndi jumbo ya mandasi, kukapatsa munthu wopanda mano. Anakhala pansi pakhonde la wodi, miyendo atatambasula, n'kundiuza osafunsidwa.

"Achimwene, ine mbuzi zanga zinabedwa zonse m'khola. Bambo a kunyumba anapita ku Joni, foni yawo inasiya kulira, ana akundiyang'ana ine. Nditamva kuti wakuba wagwidwa, ndinawaona onsewo ali pansi paja. Wa mbuzi, bambo aja, onse. Mwana uyu amagula mandasi kwa ine tsiku lililonse, koma sindinamuone."

"Nanga mwala umene munamumenya nawo munauona?"

"Ndinauona uli kale m'manja."

Adokotala amene ankamuona mphwanga, munthu wokonda kucheza, anati kutentha ndi njala zimafupikitsa mtima, ndipo munthu akakhala pagulu amabwereka mutu wa gululo. Ndinawauza kuti dzuwa lomwelo limandiwotcha ine pakhonde, koma chimene ndimaluma ndi ulusi basi. Anaseka n'kundifunsa kuti ndinkakatani pabwalo la msika. Ndinati kukaona. Anati ambiri amayamba ndi kukaona. Ashehe Lachisanu lotsatira analalikira za mkwiyo, kuti ndi moto, wokwiya akhale pansi, asambe madzi. Anthu anagwedeza mitu mwamphamvu moti zisoti zina zinagwa. Ine ndinkangoganiza kuti pabwalo paja wokhala pansi analipo mmodzi, ndipo sanali wokwiya. Amayi pa foni anati ndi magazi, pali mitundu ya anthu imene inabadwa yolusa. Ndikanakonda zikanakhala choncho, bwenzi ndikungopewa mtunduwo. Koma ndinawayeza onse aja. Ndi anthu a ziuno wamba.

Mnyamata wa ku Chowe anabwera mochedwa kuposa onse, wopanda chosoketsa. Anakhala pa benchi nthawi yaitali akusewera ndi kiyi. Kenako anatiuza kuti munthu uja anapezeka m'munda wa chimanga anali mkulu wake, bere limodzi. Ndi iye anamasula chingwe pakhosi. Njinga imene ankayendetsa inali ya bwana yemweyo amene mkulu wake ankamugwirira ntchito.

"Nditatuluka mumzikiti n'kupeza palibe njinga, sindinaone malo opanda njinga," anatero. "Ndinaona chingwe chija. M'mimba munazizira. Sindikudziwa nthawi imene kuzizirako kunasanduka moto, a telala. Ndi chinthu chimodzi, chinangotembenuka."

Anagwada kupepesa. Mphwanga anatembenuza mutu kuti amve ndi khutu labwino, anamupempha abwereze, kenako anati palibe kanthu. Ananena ngati mmene ankanenera kwa udzudzu. Mtima unakhala pansi, ndikuganiza kuti mwala wanga uli pomwe ndinausiya.

Pansi pa makina anga pali thumba la tizidutswa ta nsalu. Chilichonse chimene ndadula chimasiya kachidutswa, ndipo sinditaya, ndimangoponya mmenemo. Ndikamaganiza za anthu aja ndimaganiza za thumba limeneli. Bwana akakutukwana pamaso pa anthu, umameza, kachidutswa kagwa m'thumba. Mbuzi zikabedwa, ukonde ukabwera wopanda kanthu, mwana akafunsa chakudya iwe n'kuyang'ana kumbali, zonse zimagwera mmenemo. Sungamenye bwana, sungamenye nyanja. Ndiye tsiku lina wina amakuwa kuti wakuba, ndipo mawu amenewo amatanthauza kuti apa ndi pololedwa kukhuthula, palibe adzakufunsa. Maganizo awa ndinawakonda kwambiri, ndinkawauza makasitomala kwaulere. Chimene sindinaganize n'chakuti mphwanga, amene anabwera kuno wopanda thumba, anthu aja anamusokera lake tsiku limodzi, n'kulidzaza mpaka kukamwa.

Zinayamba ndi udzudzu. Tsiku lina ndinamuona akuutsatira kuchokera pakhonde mpaka kuseri kwa sitolo, n'kuuphwanya pakhoma mwamphamvu moti pulasitala inagwa. Mwini sitolo angachitire umboni, dzenje lilipo. Ndinaseka. Iye sanaseke. Kenako anayamba kukhala chotsamira khoma nthawi zonse. Popeza khutu lakumanzere ndi lakufa, munthu akamudzera mbali imeneyo amangomuona wafika kale, ndipo tsiku lina mayi wina wokalamba atamugwira phewa kuti amufunse mtengo wopitira ku Namwera, anamukankha mpaka anakhala pansi m'fumbi. Anamudzutsa, anamupepesa, anamunyamula ulere. Ndinamusokera kava wa chitenje chowala, cha mapapaya ndi mbalame, kuti njinga yake isafanane ndi ina iliyonse padziko. Ndikukweza chishalo kuti ndiyeze, ndinapeza kansanza kaja kulibe. Panali tcheni, chokulungidwa bwino.

"Ichi n'cha chiyani?"

"Chapadera, achimwene. China chikaduka."

"Chili ndi chogwirira cha mphira."

Anatembenuzira kwa ine khutu lakufa. Waphunzira kuligwiritsa ntchito.

Amayi atabwera kudzamuona, anamuyang'ana akudya, akutafunira kumbali, maso ali pakhomo. Pokwera matola anandiitanira pambali.

"Uyu si amene ndinakusiyira."

"Ndi yemweyo, amayi. Mano okha ndiwo achepa."

"Usandiseketse. Undibwezere mwana wanga."

Mvula itayamba, m'mawa wina mphwanga anafika pakhonde buluku litang'ambika kumbuyo, kuyambira m'chiuno mpaka kumene sikutchulidwa. Linalo linali lonyowa pachingwe. Ndinamuuza avule kuseri kwa chitseko, ndinamupatsa chitenje cha kasitomala kuti afunde m'chiuno, n'kukhala pa benchi kuseri kwa makina. Chitenjecho chinali cha mkazi wa wogulitsa nyama, chofiira, cha nsomba zazikulu, ndipo msika wonse umachidziwa. Ndinaika buluku pansi pa singano.

Ndisanafike pakati, kumsika kunamveka mawu aja. Wakuba. Kenako mapazi. Anthu anadutsa pakhonde akuthamanga, mabuluku anga onse, lakuda, lotuwa, chitenje cha maluwa achikasu chili pambuyo. Ndinayembekeza kuti mphwanga sanamve. Anamva. Mawu amenewo amalowa ngakhale m'khutu lakufa.

Anaimirira, dzanja limodzi litagwira chitenje.

"Achimwene, ndipatseni buluku."

"Silinathe."

"Ndipatseni choncho."

"Ukufuna msika wonse uone zimene amayi okha anaziona? Khala pansi."

Sanakhale. Maso ake anali pa njinga, pa chishalo cha mapapaya ndi mbalame. Ine ndinapalasa makina. Nditafika kumapeto kwa pong'ambika sindinaime. Ndinasoka thumba lakumbuyo n'kulitseka. Ndinasoka lakutsogolo. Ndinagwirizanitsa mwendo wina ndi unzake kuyambira m'bondo mpaka kuphazi. Ndikulumbira pa makina omwewo, msoko umene ndinasoka tsiku limenelo mukanautambasula ukanafika ku Makokola n'kukulunga boti.

"Achimwene." Mawu ake anali otsika, osati amene ndimawadziwa. "Musandichedwetse dala."

"Ukafuna pita ndi chitenjecho. Wogulitsa nyama akakuona wavala nsalu ya mkazi wake, ukakhala wakuba kachiwiri, ndipo ulendo uno mafuta akupezeka."

Ndinanena ngati nthabwala, koma phazi langa silinachoke pa chopalasira. Anasuntha phazi limodzi kulowera kunjinga. Ndinaona zala zake zikufumbata ndi kutambasuka. Ndinadziwa kuti akasankha kupita, buluku silingamugwire, ngakhale ine. Ndinangopitiriza kupalasa, makina akulira, phokoso la kumsika likukwera. Linakwera, linafika pamwamba, kenako linasweka n'kukhala mawu a anthu osiyanasiyana okangana. Patapita nthawi anayamba kubwerera, akupuma mwawefuwefu, okhumudwa ngati anthu amene ukonde wawo wang'ambika pafupi ndi mtunda. Munthuyo anali atatsomphola foni, ndipo anawathawa, analowa m'chimanga n'kuwoloka malire.

Mphwanga anakhala pansi. Thukuta linali litanyowetsa malaya onse ngakhale kunali mitambo. Ndinatulutsa buluku pansi pa singano. Linali litasanduka thumba, lokwana kusungiramo mtedza. Ndinatenga lezala n'kuyamba kumasula msoko umodziumodzi.

"Ukanapita kukatani?" ndinamufunsa osamuyang'ana. "Kukamenya kapena kukaleretsa?"

Anatembenuza mutu, khutu labwino linabwera kwa ine.

"Mwati bwanji?"

Ndinabwereza. Anayang'ana nsomba za pa chitenje.

"Sindikudziwa, achimwene," anatero. "Ndimangofuna ndikafike pakati pomwe. Ndikanadziwira konko."

Kumasula kunanditengera nthawi yaitali kuposa kusoka, ndipo sindinafulumire. Nditamaliza ndinamupatsa, anavala, anapinda chitenje bwinobwino n'kuchiika pa benchi. Analiza njinga napita kusiteji. Tcheni chinapita naye.

Buluku limenelo ndinalisoka molimba, monga ndimasokera zonse, ndipo silidzang'ambikanso msanga. Nthawi zina ndimalakalaka ndikanasiya pena pofooka. Ndikamva phokoso kumsika, ndimayang'ana kaye kusiteji ngati chishalo cha mapapaya chilipo, kenako ndimayang'ana pansi, pa miyendo ya othamanga, kufuna chigamba cha lona pabondo. Mpaka pano sindinachione. Amayi akaimba foni amafunsa ngati mwana wawo wabwerera, ndipo ndimawauza kuti akubwerera pang'onopang'ono, dzulo lomweli ndamuona akusiya udzudzu umalize. Amayi amandidziwa. Amati lumbira pa makina ako. Ndimawauza kuti netiweki yavuta.